Musanaitanitse Makina a Paboti

Anyamata a kudoko, a ku Senga Bay, ku Msaka ndi ku Nkhotakota, ndikuona abale anu a ku Joni ayamba kukutumizirani zithunzi za ma GPS, makina oonera nsomba ndi timainjini toyendera batire. Zonsezo n'zokongola, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndalama ya usipa siingagule zonse tsiku limodzi, ndiye tiyeni tiuzane choyambira.

Yambani ndi GPS. Makolo ankapeza chirundu cha utaka polunjikitsa phiri ili ndi mtengo uwo, ndipo nzeru imeneyo musaitaye. Koma usiku wa kauni, kapena utsi wa lupsa ukaphimba mapiri mu Okutobala, mulunjikitsa chiyani? GPS imamva kuchokera ku masetilaiti, siifuna mayunitsi kapena netiweki. Mwaponya matchera madzulo, mwadina batani, m'mawa ikubwezani pomwepo. Ikubwezaninso kudoko mvula ikatseka maso.

Pa makina oonera nsomba, ogulitsa amakonda kudzitama kuti awo amaona kutali pansi. Asakudyereni ndalama. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mpaka mamita 700, koma kupyola mamita 250 madzi alibe mpweya woti nsomba n'kukhalamo, ndipo chilimira chanu sichifika n'komwe pafupi ndi pamenepo. Kakang'ono ngati Garmin Striker 4 n'kokwanira, kalinso ndi GPS mkati mwake. Mwagula kamodzi, ntchito ziwiri. Chofunika kusamala ndi kachipangizo komira m'madzi, kamene kamatumiza mawu pansi n'kumvera akamabwerera. Mawuwo sadutsa bwino m'thabwa, choncho kamangeni kunja, kumbuyo kwa boti, potalikira thovu la injini. Mukamakokera boti pamchenga kanyamuleni, pakuti kangasweke pomwepo. Tizithunzi ta nsomba timene timavina pagalasipo musatikhulupirire msanga, ngakhale zinyalala zimaoneka choncho. Khalani pansi ndi siginala wanu, muziyerekeza zimene galasi laonetsa ndi zimene ukonde watulutsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ka injini ka batire ndiko kandidetsa nkhawa. N'kabwino ndithu kwa munthu wa mbedza pamadzi abata, chifukwa sikaopseza nsomba ndiponso sikamwa petulo. Koma walira mvula walira matope. Kamene kalembedwa 55 lb kamakoka ma ampu pafupifupi 50 mukakatsegula konse, ndiye kuti batire ya 100Ah siingakwanitse maola awiri. Batire ya galimoto imafa msanga mukamaiphwetsa tsiku ndi tsiku. Pamafunika ija amati deep cycle, kuphatikizapo sola yoitchajira, ndipo mtengo wa ziwirizi ukhoza kuposa wa injiniyo. Tsono mwera wa mu Juni ndi Julayi ukakupezani pakati pa nyanja, boti la matabwa litadzaza anthu ndi ukonde wonyowa, ka injini kameneko sikangalimbane nawo. Injini yanu ya Yamaha Enduro isachoke pamalo pake, nkhafi nazonso zisatsale kumtunda.

Auzeni a ku Joniwo atumize kaye makina okhala ndi GPS mkati, batire yaing'ono yowayendetsera, ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense wokwera m'botimo. Ka injini ka batire kayambe kadikira.