Munthu si sipika: bodza la katemera ndi Bluetooth lithe

Akuti aliyense amene adabayitsa katemera ali ndi kachipangizo m'thupi. Akuti ukatsegula Bluetooth pagulu, manambala achilendo amene amatuluka pafoni ndi anthu obayidwawo. Bodzali lidafala pa WhatsApp mu 2021, nthawi ya Covid-19, ndipo likukana kufa. Chotidandaulitsa n'chakuti ngakhale ku Chiromo, kumene achinyamata amatumizirana nyimbo pa Bluetooth yomweyo tsiku ndi tsiku, alipo ena ogwedezera mutu.

Manambalawo si anthu ayi. Chipangizo chilichonse cha Bluetooth chili ndi adiresi ya manambala ndi zilembo 12. Chiyambire 2010, pamene kudabwera Bluetooth Low Energy yosadya moto wambiri, mahedifoni, mawotchi apamkono ndi mafoni zimalengeza pafupipafupi kuti zilipo. Chipangizo chikapanda kutchula dzina lake, foni yanu imangoonetsa adiresiyo. Mafoni ambiri amakono amasinthanso adiresi pakatha mphindi pafupifupi 15 kuti mwini wake asalondoledwe, n'chifukwa chake manambala amaoneka ngati akuchuluka.

Koma funso limene ofalitsa bodzali amalithawa ndi la moto. Kuti chinthu chilankhule pa Bluetooth chimafuna batire, eriyo ndi pulogalamu yoyendetsa mauthenga. Sipika yanu imazima madzulo mukaiwala kuitchaja pa sola. Nanga kachipangizo koti kadadutsa pa kabowo ka jakisoni, m'mankhwala osadzaza ndi supuni yaing'ono yomwe, akukatchaja ndani zaka zonsezi? Batire lake lili pati? Komanso mafunde a 2.4 GHz amene Bluetooth imagwiritsa ntchito amafooka akakumana ndi madzi, pamene thupi la munthu mbali yaikulu ndi madzi.

Wokayika ayese yekha. Bluetooth ya pafoni imafika mamita pafupifupi 10. Tengani munthu wobayidwa, asiye foni yake kumtunda, mukwere naye bwato mpaka pakati pa Shire, kenaka mutsegule Bluetooth. Mudikira mpaka dzuwa kulowa.

Zoti mkono wobayidwa umakoka ndalama yachitsulo, kapena zoti nsanja za 5G zimayendetsa anthu, ndi nthano za mtundu womwewo, sitizitayira nthawi.

Chotiopsa ndi mtengo wa bodzali. Mu Meyi 2021 boma lidawotcha katemera wa AstraZeneca 19,610 amene adatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito, mwa zina chifukwa anthu ankaopa kubayitsa. Mantha akalowa m'mudzi sasankha katemera: mayi woopa jakisoni wa Covid-19 amabisanso mwana pa tsiku la katemera wa chikuku kapena poliyo. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje lidali limodzi mwa maboma oyamba kukhudzidwa. Kuno kumene Ruo ndi Shire zikasefukira zimbudzi ndi zitsime zimasakanikirana, kukana katemera ndi kudzikumbira manda. Tisaiwalenso kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu osalakwa m'chigawo chakummwera.

Mafumu, abusa ndi aphunzitsi a ku Chiromo, Makhanga ndi Bangula, musasiyire alangizi a zaumoyo okha nkhondoyi. Ndipo inu owerenga, wina akakuonetsani manambala pafoni, mufunseni akulozereni pamene pali batire. Akalephera, musatumize uthengawo kwa wina aliyense.