Ntchentche ziwili pa mango zanu: ina ni selebu, ina ni kawalala

Ndidziwa, ndinakulonjezani kuti sabata ino tikamba zovala za pa Khisimasi. Zovala ziyembekeze. Pa Sondo ndinachita manyazi ku Kafue Estates, ndipo mtima sukhala pansi mpaka ndikuuzeni amene anandichititsa manyaziwo.

Ndinapita kwa ba anti ndi mlendo amene sindimutchula dzina (banja likalibe kumudziwa bwino, imwe mwamvetsa). Pa yadi pao pali mitengo iwili ya mango, yakale kupambana ine, monga mmene zilili pa nyumba zambili za mu Estates, zija zinamangidwa NCZ ndi Kafue Textiles zikali kulemba anthu nchito. Ndinasankha mango yaikulu, yosalala, yopanda bala olo limodzi. Ndinaitsuka bwinobwino n'kupatsa mlendo ngati munthu wodziwa kusamala. Analuma kamodzi. Kachiwili sanalume. Mkati munali tumphutsi toyela, tukuvina ngati tuli pa kicheni pati.

Ine ndinaseka chifukwa cha manyazi. Ba anti sanaseke. Mango zija ndiye yunifomu, nsapato ndi mabuku a ana mu January, ndipo chaka chino amayi a pa msika amene amaoda kwa iwo abweza kale mabaketi awili. Ananyamuka, n'kutenga Doom, n'kulunjika ku kicheni. "Ni tuja tuntchentche twa pa nthochi," anatelo. "Tufuna kunisiliza. Lelo tuzaniona."

Nchito yanga ni kuthamangitsa oimba, koma usiku uja ndinathela mabando pa ntchentche. Ndipo mwandi, ba anti akupha wosalakwa.

Kantchentche kaja ka mu kicheni, ka maso ofiila, kotalika mamilimita 3 chabe, kamene kamazungulila nthochi zakupsa, tomato woola ndi kapu ya Chibuku, dzina lake la pa NRC ni Drosophila melanogaster. Kalibe chida chobowolela khungu la mango yabwino. Kamabwela chipatso chikang'ambika kale n'kuyamba kusasa, chifukwa chimene kamafuna ni yisiti, yomwe ija imatupitsa mabanzi ndi kuwilitsa mowa. Kamafika pa malilo, koma si ndiko kanapha.

Ndipo ngati tikamba za kutchuka, oimba athu onse akhale pansi. Mu 1910, pa Columbia University ku New York, Thomas Hunt Morgan anali kuweta tuntchentche utu m'mabotolo. Tsiku lina anapeza kamuna kamodzi ka maso oyela pakati pa anzake a maso ofiila. Atakakwatitsa, ana onse anabadwa ndi maso ofiila. Koma pa adzukulu maso oyela anabwelanso, ndipo anali pa amuna okhaokha. Apo ndi pamene anayamba kuonetsa kuti zimene mwana amatengela kwa makolo zimakhala pa makromozomu, ndipo zina zimayenda pamodzi ndi zimene zimapangitsa mwana kukhala mwamuna kapena mkazi. Tinthu totengela uto amatutcha majini. Osati majini aja amachotsa asing'anga, iyayi. Awa ni malangizo olembedwa mu DNA, amene anakupatsani mphuno ya agogo anu musanapemphe. Morgan analandila mphoto ya Nobel mu 1933.

Asayansi amakakonda chifukwa sikachedwa. Kukafunda, dzila limasanduka ntchentche yaikulu m'masiku 10, ndipo yaikazi imodzi imaikila mazila mahandiledi. M'chaka chimodzi muona mibadwo yopitilila 20, imene kwa anthu ingafune zaka 500. Kali ndi majini pafupifupi 14,000, ise tili ndi pafupifupi 20,000, ndipo pa majini anayi alionse odziwika kuti amabweletsa matenda mwa anthu, atatu ali ndi mnzake wofanana naye mu kantchentche aka. Imwe a mashifiti ausiku amene tulo tumakana masana olo mutseke makatani onse: Nobel ya 2017 inapita kwa Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young chifukwa anapeza mmene wochi ya m'thupi imagwilila nchito, ndipo anaipeza mu kantchentche komweka. Mu February 1947 tuntchentche tunakwela roketi ya V-2 ku America n'kubwela twamoyo, nyama zoyamba kutumizidwa mumlengalenga. Yuri Gagarin anatsatila mu 1961. Ba Edward Mukuka Nkoloso athu anali akalibe olo kuyamba kugubuduza anyamata m'madilamu.

Pali ina imene ndinawelenga kawili. Kamuna kakafuna mkazi kamamutsatila, n'kutambasula phiko limodzi ndi kulinjenjemeletsa. Ni nyimbo, ndipo mtundu ulionse uli ndi yake. Mu 2012 asayansi a ku San Francisco anaika tumuna kwa akazi amene anali atakwatiwa kale. Tunakanidwa masiku angapo. Pambuyo pake atatupatsa chakudya chamitundu iwili, china chosakaniza ndi mowa, tokanidwa tuja tunamwa cha mowa kwambili kupambana tunzake tumene zinthu zinatuyendela. Sindinatchule munthu. Ngati mwaganiza mnzanu wa pa bala ya pa kona, mwaganiza mwekha.

Manje mvelani apa. Selebu uyu kwao ni kuno. Ali paliponse padziko lapansi pamene pali munthu ndi dasibini, koma asayansi atafuna kudziwa kumene anachokela, njila inawabweletsa ku dela lathu lino. John Pool wa pa University of Wisconsin-Madison ndi anzake anawelenga DNA ya tuntchentche 197 togwidwa ku Siavonga, zotsatila zake zinatuluka mu 2015. Siavonga yomweyi, mukaoloka mlatho wa Kafue, kutsika mapili a msewu wa Chirundu, n'kukhota kupita ku nyanja ya Kariba. Twa kumeneko tuli pakati pa tosiyanasiyana kwambili m'majini padziko lonse. Ganizilani za kumudzi kwanu: kumeneko mupeza nkhope zonse za banja, aatali, aafupi, akuda, ofiilila. Amene anapita ku tauni anali awili kapena atatu, ndipo ana awo onse afanana ndi awiliwo. Kumene kuli kusiyana kwambili ndiye kuchimake. Twa ku London ndi New York ni ana a amene anachoka.

Mu 2018 gulu la Marcus Stensmyr wa ku Lund University ku Sweden linapeza tuntchentche utu m'sanga la Matobo ku Zimbabwe, kutali ndi makicheni, tukukhala pa marula, chipatso chija cha mu Amarula. Iwo aganiza kuti chibwenzi chake ndi munthu chinayamba pamene anthu akale, a San, anali kusunga marula m'mapanga. Mu 2020 kunatulukanso lipoti la tuntchentche togwidwa m'masanga a Zambia, Zimbabwe ndi Namibia, ndipo 17 twa mu Kafue National Park anatuwelenga DNA. Pakiyo ili kutali ndi Estates, koma mtsinje ni umodzi, so ine ndituwelenga ngati achibale. Anapeza kuti twa m'sanga tusiyana kwambili ndi twa m'tauni pa majini ena, kuphatikizapo aja okhudza mankhwala ophela tizilombo. Twa m'tauni tunakulila mu utsi wa mankhwala athu. Ba anti, mwamva?

Nanga kawalala ni ndani? Ni wa banja lina. Banja la selebu, Drosophilidae, lili ndi mitundu yopitilila 4,000. La kawalala ni Tephritidae, nalo lili ndi mitundu masauzande. Pachizungu onse amawaitana dzina limodzi, ndiye chifukwa chake anthu amasokoneza, monga kuganiza kuti a Phiri onse ni a nyumba imodzi.

Wamkulu wa akawalala ni Bactrocera dorsalis. Ni wamkulu ngati ntchentche ya m'nyumba, mamilimita pafupifupi 8, wa mapiko oonekela, mizele yachikasu pamsana, ndi chizindikilo chakuda chonga T pamimba. Mukamuona mungati ni kamavu. Kwao ni ku Asia. Mu Africa anaoneka koyamba ku Kenya mu 2003, ndipo m'zaka zochepa anali atafalikila maiko ambili, Zambia pamodzi. Poyamba anamupatsa dzina latsopano, Bactrocera invadens, poganiza kuti ni mtundu wachilendo. Patapita zaka pafupifupi 10, atayeza DNA ndi kuona kuti akwatilana bwinobwino ndi dorsalis wa ku Asia n'kubala ana obeleka, anavomela kuti ni munthu mmodzi, anangosintha dzina monga oimba athu akafuna kuyambilanso. Tili naye wathu wa kuno, Ceratitis cosyra, wachikasu, wa mapiko amawangamawanga, amene anali kudya marula ndi mango kuyambila kale. Ku Kenya ofufuza a icipe anaona mlendo akumulanda malo mwini dziko pa mango za kumadela otentha.

Kuba kwake ni kwaukhondo. Yaikazi ili ndi singano kumbuyo. Imatela pa mango ikali pamtengo, pamene yayamba kukhwima, n'kubaya khungu ndi kusiya mazila mkati. Kunja kumatsala kadontho kamene simungakaone ngati muli ndi njala. Patapita tsiku limodzi kapena awili mazila amaswa, mphutsi zimadya mkati sabata imodzi kapena kupitililako, mango imafewa n'kugwa isanafike nthawi. Apa ndiye pofunika: mphutsi zimatuluka, n'kulowa m'dothi pansi pa mtengo, zimagona mmenemo masiku 10 kapena kupitililako pang'ono, n'kutuluka ntchentche zatsopano. Mango zikatha zimasamukila ku magwava, mapapaya ndi malalanje. Choncho mulu uja wa mango zoola umene timasesela pa kona ya yadi, kapena kuponya kuseli kwa mpanda, ni nazale ya akawalala. Tikuwalela tokha, kwaulele.

Doom ya mu kicheni siifika kumeneko. Chimene alangizi a zaulimi amanena n'chotopetsa koma chilibe mtengo: tolani mango zonse zakugwa, tsiku lililonse ngati mungakwanitse. Ziikeni m'pulasitiki yakuda yolimba, yopanda chibowo, mumange pakamwa, muisiye padzuwa masiku angapo kuti mphutsi zipsilemo. Ngati mukwilila, kumbani dzenje lakuya theka la mita kapena kupitilila, chifukwa mukangofotsela pamwamba mwazithandiza. Thyolani mango zikakhwima, zikapsile m'nyumba. Ngati ni mango zikuluzikulu zochepa zimene mwaikila mtima, zivekeni mapepala zikali zazing'ono. M'mashopu a zaulimi funsani msampha wa methyl eugenol. Fungo lake limakoka amuna a dorsalis okhaokha, so musadabwe kuti akazi sakugwidwa. Cholinga ni chakuti asowe owakwatila.

Twa mu kicheni tuja, ngati tukunyansani, sikofunika kufaila mankhwala pafupi ndi chakudya. Tayani zoola, vundikilani zipatso, tsukani mabotolo a mowa. Ikani viniga pang'ono m'kapu ndi dontho limodzi la sopo wotsukila mbale, tudzamila tokha. Ine nditusiya. Si tsiku lililonse munthu amadya ndi mlendo amene anafika mumlengalenga.

Vuto lalikulu ni lakuti ntchentche siidziwa mpanda. Mungatole mango zanu zonse, koma ngati a neba asiya zawo pansi, akawalala awo adzadya kwanu. M'malaini a mu Estates, mmene mitengo imagwilana nthambi pamwamba pa mipanda, nchito iyi ifunika laini yonse. Ndinauza ba anti zonsezi pa foni pa Chiwili. Anamvetsela mpaka kumapeto, chinthu chimene sichichitika kawilikawili. Mapulasitiki akuda agula kale, ndipo ana awili a m'nyumba apatsidwa nchito ya m'mawa ulionse asanamwe tiyi. Za Nobel sizinawakhudze olo pang'ono.

"Manje ba neba ba kumbuyo," anatelo, "baja sitikambisana kuchokela pa nkhani ya nkhuku. Ndani azabauza?"

Ndinakhala chete.

"Iwe wamene unapita ku koleji. Pa Chibelu ubwele. Na mulendo uja ubwele naye, nizamusankhila ine mango."