Mwana aukonde yekha mpira

Omvera athu ku Katete, Sinda ndi Vubwi, chipitireni Fashion Sakala wa ku Chipata ku timu ya Rangers ku Scotland mu 2021, makolo ena ayamba kuona mpira ngati munda wa fodya. Mwana wa zaka 10 akumuthamangitsa m'bandakucha kumimba kuli pululu, timu yake ikagonja akumulandira ndi mkwapulo. Ayi, abale! Mafupa a mwana amakhala asanakhwime, ndipo bondo likaguluka pa msinkhu umenewu, ulendo wake ndi wa kuchipatala cha St Francis, osati ku Chipolopolo.

Mugulireni nsapato thumba likalola, mukamuchemerere pabwalo la sukulu. Wamkazinso musamutsekereze kukhitchini, si uyo Barbra Banda dziko lonse likumuimbira m'manja? Koma mwana akati watopa, makolo, mumvereni apume.