TIKAMBIRANE PA BENCHI: Kuli Zomba ina kumwamba

Amangwetu, sabata yatha ndinatsala pang'ono kutaya kasitomala chifukwa cha mwala. Mayi wina wogulitsa usipa pafupi ndi benchi langa anabwera ali wefuwefu, akuti mwana wake wamva kusukulu kuti kumwamba kuli chimwala dzina lake Zomba. "Achimwene, ndiye kuti chidzagwera ku Zomba eti? Makolo anga ali kwa Chinamwali!" Ndinaseka mpaka mayiyo anakwiya nasiya tomato amene anali atasankha kale.

Kusekako ndinalakwa, chifukwa mwanayo sananame. Mwalawo ulipodi, nambala yake 1468 Zomba.

Pakati pa dziko la Mars ndi la Jupiter pali miyala yambirimbiri imene imazungulira dzuwa monga lichitira dziko lathuli. Azungu amati ma asteroid. Woyamba, Ceres, anaupeza mu 1801, ndipo lero odziwika aposa 1 miliyoni. Wathuyu anaupeza ndi Cyril Jackson pa 23 July 1938, ku nyumba yoonera nyenyezi ya mu Johannesburg. Mkuluyu anapeza miyala 72, ndipo yambiri anaitcha maina a kuno kwathu ku Africa: Zambesia, Limpopo, Beira, Ruvuma, Mombasa. Nthawi imeneyo Zomba ndiye linali likulu la Nyasaland, ndiye dzina linakwera nawo kumwamba.

Nanga anauona bwanji, poti ndi maso sungauone? Ankaloza makina ake kuthambo n'kujambula chithunzi kwa nthawi yaitali. Nyenyezi zimatuluka ngati timadontho, koma mwala woyenda umasiya kamzere. Komatu kuuona kamodzi si kuupeza. Uyenera kulemba pamene uli lero, mawa, mkuja, mpaka masamu akuuze njira yake yonse. Ukachita ulesi umasowa ngati wangongole wosamuka usiku. N'chifukwa chake poyamba unangopatsidwa chizindikiro, 1938 PA. Nambala ndi dzina zimabwera njira ikatsimikizika.

Tsono njirayo ndi iyi. Dziko lathu lili makilomita pafupifupi 150 miliyoni kuchokera kudzuwa, ndipo limazungulira kamodzi pachaka. Zomba imatenga zaka 3 ndi miyezi 3. Njira yake ndi yonga dzira: ikayandikira kwambiri dzuwa imakhala pa makilomita ngati 240 miliyoni, ikatalikira imafika cha ku 420 miliyoni. Imalowako pang'ono m'dera la Mars, koma msewu wathu siifikamo. Chotsani 150 pa 240, inu odziwa kubweza chenji. Mpata wotsalawo ndi 90 miliyoni. Kukula kwake ndi makilomita pafupifupi 7, mtunda ngati wochoka mu Blantyre kukafika ku Limbe. Ndi chimwala ndithu, koma chili ndi msewu wakewake.

Lolemba ndinapita kwa mayi uja ndi malongosoledwe onsewa, ndi tomato wa basera pamwamba. Anandimvetsera bwinobwino kenaka n'kufunsa: "Ndiye mukudziwa bwanji kuti sichidzakhota?" Ndinati chifukwa anthu akhala akuchilemba m'buku kuyambira 1938, ndipo chimatulukira pamene masamu anena.

Apa mpamene mayiyo anandigwira pakamwa. "Iwo mwala wakumwamba amaulemba zaka zoposa 80. Inu ngongole yanga ya mwezi watha munalemba kuti?" Ndinafufuza m'thumba, ndinapeza kapepala konyowa kosawerengeka. Iye akuti anabweza, ine ndikuti ayi, ndipo mboni palibe. Ndalamayo yapita.

Ndagula kope, abale anga. Tsamba loyamba ndalemba 1468 Zomba kuti ndizikumbuka. Tsamba lachiwiri pali maina anu. Tionana sabata yamawa, mubwere ndi zanga.