Tisatume Mbusa Kunja Titamulekanitsa ndi Banja

Ndikukana poyera chizolowezi chotuma abusa ku Johannesburg kapena ku Harare okhaokha, mayi busa ndi ana n'kutsala kuno akudikira chifundo cha amayi a Chigwirizano. Tikatero timati ndi nsembe. Nsembe ya yani? Amene asaina kalata yotuma mbusayo amagona kwawo, ana awo ali pambali.

Ena amanditchulira David Livingstone. Chabwino, timutchule mokwanira. M'chaka cha 1852 anatumiza mkazi wake Mary ndi ana ku Britain, iye nalowa m'kati mwa Africa. Anaonananso patapita zaka zinayi. Mary anamwalira ndi malungo ku Shupanga mu 1862. Mwana wawo wachisamba, Robert, amene anakula bambo ali kutali, anafa ali mkaidi wa nkhondo ku America mu 1864, ali ndi zaka 18. Ulemu wa Livingstone sindiuchotsa ayi, koma mbali iyi mpingo usaitsanzire.

Pa 1 Akorinto 9:5 Paulo akuonetsa kuti Petro ankayenda ndi mkazi wake. Pa Marko 6:31 Ambuye mwini anauza ophunzira otopa kuti akapumule. Kodi ife tawaposa uzimu?

Ndalama ya denga la tchalitchi timaipeza, ngakhale mwa Paper Sunday. Tiipezenso ya ulendo wa banja lonse, fizi ya ana, chipatala ndi tchuthi cha pachaka. Ikasowa, akulu a mpingo tiimirire ku presbiteri, tinene kuti ulendowo uyambe wadikira.