Musanati n'kafeki, werengani kaye zimene kompyuta yalemba

Mwezi wathawu ndinatsala pang'ono kudana ndi achimwene anga chifukwa cha kanthu kooneka ngati fulashi.

Mng'ono wanga wa Fomu 3 amakonda ndege moti ikangolira kumwamba, nsima amaisiya m'mbale n'kuthamangira panja. Tsiku lina anaona pa YouTube anthu akulondola ndege pa kompyuta popanda intaneti, pogwiritsa ntchito kachipangizo kotchedwa RTL-SDR. Kuyambira tsiku limenelo pakhomo panalibe mtendere. Ndinapempha achimwene athu aakulu, amene amagwira ntchito ku Joni, kuti atigulire. Kanabweradi pa basi, atakakulunga mkati mwa bulangete la mayi.

Ndinakalowetsa pa laputopu n'kutsegula pulogalamu. Zii. Ndinakazula, kukapemerera ngati kuti kalowa fumbi, n'kukabwezera. Zii. Usiku womwewo ndinatumiza voice note: "Achimwene, akuberani kumeneko. Kanthu kaja n'kafeki." Anangoyankha kuti, "Chabwino, ndamva." Amene muli ndi abale ku Joni mukudziwa kulemera kwa yankho lotere. Munthu anadzimana, anayenda mtunda kukasaka chinthu chimene iye sachidziwa n'komwe, ndiye malipiro ake n'kumuuza kuti anapusitsidwa.

Chonsecho kachipangizoko kanalibe vuto. Pa sikirini pankatuluka kabokosi kolembedwa kuti "No device selected", ine n'kumakatseka osawerenga, ngati mmene timatsekera zotsatsa malonda. Nkhani yanga ya lero yagona pamenepo: pulogalamu ikakana, nthawi zambiri imanena chimene chaikanitsa. Ife ndi amene sitimvetsera.

Kachipangizoka n'kachiyani?

Mkati mwake muli chip yotchedwa RTL2832U, ya kampani ya Realtek ya ku Taiwan. Anaipangira kuonera TV pa kompyuta. Cha m'ma 2012, akatswiri ena, mmodzi mwa iwo Antti Palosaari wa ku Finland, anaonetsa kuti chip imeneyi ikhoza kupereka mafunde a wailesi osaphika ku kompyuta, kuti pulogalamu ndiyo iwamasulire. N'chifukwa chake amati SDR, kutanthauza wailesi imene ntchito yaikulu imagwiridwa ndi pulogalamu. Mitundu yofala imamva kuyambira pa 24 MHz mpaka kupitirira pang'ono 1,700 MHz. M'menemo muli wailesi za FM, setilaiti zina zoona za nyengo, komanso uthenga wa ADS-B umene ndege zimaulutsa pa 1090 MHz, wonena dzina la ulendo, kutalika kwake kuchokera pansi, liwiro ndi pamene ndegeyo ili.

Mbiri imeneyi isungeni, chifukwa mavuto ambiri amachokera pomwepa. Kompyuta ikaona kachipangizoka imati, "Aa, ka TV aka," n'kukapatsa driver ya TV. Driver ndi kapulogalamu kokhala ngati womasulira pakati pa kompyuta ndi chipangizo. Womasulira akakhala wolakwika, awiriwa sangamvane ngakhale onse ali bwinobwino.

Pa Windows

Pulogalamu imene ambiri amayambira ndi SDR#, imene amaitchula kuti SDR Sharp. Imabwera mu fayilo ya zip. Choyamba, itulutseni mu zip muja n'kuiika mu foda yakeyake. Mukaitsegulira mkati mwa zip imasowa mafayilo anzake.

Chachiwiri, mu fodamo muli fayilo ya install-rtlsdr.bat. Imeneyi imakatenga pa intaneti zinthu zotsala, kuphatikizapo rtlsdr.dll ndi pulogalamu ya Zadig. Bandulo ikathera pakati kapena netiweki ikadukiza, kawindo kakuda kaja kakhoza kutseka inu n'kumayesa zatheka. Suzumirani mu foda. Ngati rtlsdr.dll mulibe, yambiraninso. SDR# ikadandaula za .NET, koperani mtundu weniweniwo umene yatchula, kuchokera kwa Microsoft eni ake.

Chachitatu ndi chimene ine ndinadumpha: Zadig. Ntchito yake n'kuchotsa driver ya TV ija n'kuikapo ya WinUSB. Tsegulani Options, dinani List All Devices, kenako sankhani dzina loyamba ndi Bulk-In n'kuthera ndi Interface 0. Musanadine Replace Driver, onani nambala ya USB ID. Kwa zipangizo zambiri zoterezi imakhala 0BDA 2838. Apa ndiye dekhani, abale. Pamndandanda umenewu pali mausi, kiyibodi ndi kamera yanu. Mukasankha molakwika, mausi imafa pomwepo, vuto limodzi n'kukhala awiri.

Mukatha, bwererani ku SDR#, sankhani RTL-SDR USB, yatsani, ndipo kwezani gain, chifukwa ikakhala pansi mumangomva phokoso ngati la mvula padenga. Yesani kaye wailesi ya FM imene mumaidziwa nambala yake, mutasankha WFM. Ine nditamva mawu a muulutsi akutuluka pa laputopu, chimwemwe chinabwera limodzi ndi manyazi. Kafeki kaja kanali kakulankhula.

Pa Linux

Kuti tione ndege, ndinafukula laputopu yakale ya ku koleji imene ili ndi Ubuntu, kuti izikhala pawindo tsiku lonse. Pulogalamu yomasulira uthenga wa ndege ndi dump1090, imene anailemba koyamba ndi Salvatore Sanfilippo wa ku Italy. Ndinaikopera, n'kulemba make kuti kompyuta iimange. Sikirini yonse inadzaza zolemba, pansi penipeni pali mawu akuti "Error 1".

Ndinataya ola lathunthu kufufuza tanthauzo la "Error 1". Alibe tanthauzo lina koma loti zakanika. Zili ngati kufika pamaliro mochedwa n'kumva anthu akulira: kulirako sikukuuzani chimene chapha munthu. Chifukwa chenicheni chimakhala kumtunda, pamzere woyamba umene wadandaula. Nditakwera ndinapeza "rtl-sdr.h: No such file or directory". Kompyuta inkanena mwatchutchutchu kuti pali fayilo imene ikuisowa. Fayilo yothera ndi .h ikasowa, pafupifupi nthawi zonse mwasiya phukusi lothera ndi -dev. Apa linali librtlsdr-dev. Ikasowa libusb.h, phukusi lake ndi libusb-1.0-0-dev. Ikati make kapena gcc palibe, ikani build-essential.

Ine zimenezi sindinkazidziwa, ndiye ndinatsatira vidiyo ina imene inati ndimange ndekha pulogalamu ya rtl-sdr kuchokera pachiyambi. Njira imeneyi inandigwetsera m'maenje atatu otsatizana.

Dzenje loyamba: "error while loading shared libraries", kutsogolo kwake dzina la librtlsdr. Fayilo ilipo, koma kompyuta sinauzidwe kumene yaikidwa. Mankhwala ake ndi mzere umodzi: sudo ldconfig.

Dzenje lachiwiri: "usb_open error -3". Nambala imeneyi ikutanthauza kuti mulibe chilolezo chogwira chipangizocho. Poyesa, lembani sudo patsogolo pa rtl_test. Zikayenda, ndiye kuti vuto ndi chilolezodi. Koma musazolowere kuyendetsa chilichonse ndi sudo, n'chimodzimodzi kupatsa mlendo aliyense makiyi a nyumba yonse. Koperani fayilo ya rtl-sdr.rules kupita mu /etc/udev/rules.d, yambitsaninso kompyuta, basi.

Dzenje lachitatu: "usb_claim_interface error -6". Apa kompyuta ikuti chipangizo chili m'manja mwa wina. Mwina ndi pulogalamu ina imene mwaiiwala ili yotsegula, chifukwa kachipangizo kamodzi kamatumikira pulogalamu imodzi pa nthawi. Apo ayi, ndi driver ya TV ija, imene pa Linux dzina lake ndi dvb_usb_rtl28xxu. Pangani fayilo yothera ndi .conf mu /etc/modprobe.d, mulembemo blacklist dvb_usb_rtl28xxu, n'kuyambitsanso kompyuta.

Mawa lake mnzanga wina amene amadziwa za Linux anandiseka mpaka misozi. Akuti ndikanangolemba sudo apt install rtl-sdr librtlsdr-dev, ambiri mwa maenjewa ndikanawalambalala. Safunsa anadya phula. Musanamange chinthu nokha, onani kaye ngati Ubuntu ilibe chomangamanga.

Dziwaninso kuti si uthenga uliwonse woopsa umene uli vuto. Mukalemba rtl_test -t, pamapeto pakhoza kutuluka "No E4000 tuner found, aborting". Musagwe mphwayi. Ikungofuna mtundu wina wa tuner wakale umene zipangizo zambiri za masiku ano zilibe. Ngati kumtunda yati yapeza chipangizo chimodzi n'kutchula tuner ya Rafael Micro, zanu zili bwino.

Nanga pa foni?

Ambiri mwa inu mukuwerenga izi pa foni, ndipo pa Android zimatheka. Mufunika kawaya ka OTG, pulogalamu ya driver, monga imene analemba Martin Marinov, ndi pulogalamu yomvetsera ngati SDR Touch. Zokanika zake n'zitatu zomwezomwezo. Ena amaika yomvetsera yokha n'kuiwala ya driver. Mafoni ena amafuna muyatse OTG mu Settings, ndipo ena amaizimitsa okha pakapita mphindi zingapo. Chachitatu ndi kabokosi kofunsa ngati mukulola pulogalamu kugwiritsa ntchito USB, kamene ambiri amakakana mwachizolowezi. Kachipangizoka kamadyanso batire ndipo kamatentha. Kutenthako ndi chibadwa chake, koma batire ikatsika kwambiri foni ikhoza kusiya kukapatsa mphamvu.

Malangizo nawo amakalamba

Musanatsatire vidiyo kapena malangizo alionse, onani chaka chake. Mwachitsanzo, RTL-SDR Blog V4, imene inatuluka mu 2023, ili ndi tuner ya R828D ndipo imafuna driver yatsopano. Mukaipatsa yakale, imaoneka ngati ikugwira koma siteshoni zimasowa kapena kupezeka pa nambala yolakwika. Choncho werengani zimene zalembedwa pa kachipangizo kanu.

Chimodzimodzi zithunzi za mitambo. Mavidiyo ambiri akale amaphunzitsa kulandira zithunzi kuchokera ku setilaiti za NOAA 15, 18 ndi 19 pogwiritsa ntchito WXtoImg. Pulogalamu imeneyi mwini wake anasiya kalekale kuikonza, ndipo setilaiti zitatuzo anazizimitsa mu 2025. Mukhoza kuika chilichonse molondola, n'kuchezera panja usiku wonse kudikira wailesi imene inatseka. Amene akuchita zimenezi masiku ano amagwiritsa ntchito SatDump ndi setilaiti za Meteor za ku Russia, zimene zimamveka cha pa 137 MHz.

Pulogalamu ikayenda koma osaona kanthu

Nditathana ndi zonsezi, dump1090 inatsegula bwinobwino, koma mndandanda wa ndege unali mbee. Ulendo uno sindinathamangire kuimba mlandu wina aliyense. Vuto linali eriyo. Mafunde a 1090 MHz ndi aafupi, pafupifupi masentimita 27.5, ndiye eriyo yake imafunika gawo limodzi mwa magawo anayi a pamenepo, masentimita 6.9 okha. Ine ndinali nditaisolola yonse ngati ya wailesi ya agogo, poganiza kuti yaitali ndiyo imakoka bwino. Mafunde amenewa salowanso bwino m'nyumba ya malata. Amafuna eriyo ione thambo. Ndipo kumbukirani kuti kwathu kuno ndege sizithinana kumwamba ngati za m'mavidiyo a ku London. Ngakhale ife a ku Lilongwe, amene bwalo la ndege la Kamuzu lili pafupi ku Lumbadzi, pamafunika kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chenjezo limodzi. Kachipangizoka kamangolandira, sikaulutsa. Komabe kumva chinthu sikukupatsani ufulu pa icho. Khalani pa zimene zimaulutsidwira aliyense. Zokambirana za anthu ena, za achitetezo kapena za makampani si zanu, ndipo kuzijambula n'kumamwaza pa WhatsApp n'kudziputira milandu. Mukafuna kudziwa zololedwa, bungwe loyang'anira mafunde a wailesi m'dziko muno ndi MACRA.

Mukakakamira ndithu n'kufuna kufunsa wina, musangoti "sizikutheka". Nenani mtundu wa kachipangizo, Windows kapena Linux imene muli nayo, zimene munalemba, ndi uthenga wonse mmene watulukira. Kawirikawiri, pamene mukukopera uthengawo kuti mutumize, m'pamene mumauwerenga koyamba, yankho n'kulipeza nokha. Ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha zisanu n'kutheka, simudzadziwa chimene chachiza.

Loweruka masana tinafupikitsa eriyo ija ndi rula ya mng'ono wanga, n'kuimangirira pa nsungwi kuseri kwa nyumba. Tinadikira mpaka tiyi anazizira. Kenako pa sikirini panatuluka mzere umodzi: zilembo, manambala, ndi kutalika kumene kunkatsika pang'onopang'ono. Mnyamata anathamangira panja wopanda nsapato. Patapita kanthawi ndinamva akukuwa, "Achimwene, ndi iyo! Ndi iyo!"

Ndinajambula sikirini ija n'kutumiza ku Joni, pamodzi ndi mawu amene anandivuta kuposa ma error onse aja: "Achimwene, pepani. Ndinalakwa ndine, sindinawerenge." Anaona uthengawo, osayankha mpaka madzulo. Kenako foni inalira.

"Ndiye kafeki kaja kayamba kugwira?"

"Eee, achimwene."

"Chabwino. Mpatse foniyo mwanayo andiuze yekha."