ZA UMOYO: Loboti Yoboola Fupa la Khutu

Munthu wogontha, amene samva ngakhale kulira kwa ng'oma, angathandizidwe ndi kacipangizo kochedwa cochlear implant. Madokotala amalowetsa kawaya m'kati mweni-mweni mwa khutu, m'kacigoba kopindika ngati nkhono, ndipo kawayako kamatumiza mau ku mtsempha wakumva mwa mphamvu ya magetsi.

Ngozi yagona pa njira yofikira kumeneko. M'fupa la kuseri kwa khutu mumadutsa mitsempha iwiri: wina woyendetsa nkhope, wina wothandiza lilime kuzindikira kukoma kwa cakudya. Mpata wa pakati pao ndi wa mamilimita ngati awiri ndi theka cabe. Coboolera cikaphonya, nkhope imapotoka, diso nkulephera kutsinzina.

M'caka ca 2016, pa cipatala ca Inselspital mumzinda wa Bern ku Switzerland, madokotala anayamba kugwiritsa nchito loboti. Makinawa amaboola kauna ka mamilimita 1.8 potsata zithunzi za CT zojambulidwa kale. Asanafike pa mitsempha amaimitsidwa. Mutu wa wodwala umajambulidwanso, ndipo timagetsi tocepa timayesa ngati mtsempha wa nkhope uli pafupi.

Mwa odwala 9 oyamba, 6 anabooledwa ndi loboti mpaka kumapeto. Pa atatu enawo madokotala anakaika, naimitsa makinawo, natsiriza ndi manja ao. Palibe amene anapotoka nkhope.

Odwala 9 ngocepa, sangathetse cikaiko conse. Komatu anapulumuka cifukwa madokotala sanathamange. Akulu-akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.